Mamilimita 6

Lachinayi, Johannesburg. Kuzizira.

Mamilimita 6. Nambala imeneyi yandikhala m'mutu kuyambira m'mawa. Adokotala anayendetsa kachipangizo ka sikani kaja, n'kundilozera kamzere kotuwa pasikirini: khoma la m'kati mwa chiberekero changa, pomwe mluza umayenera kukakamira. Iwo akufuna lifike 7 kapena kuposerapo asanaike m'chiberekeromo kamluza kathu, kopangidwa kulabu kuchokera ku dzira langa ndi umuna wa amuna anga, komwe kakudikira mufiriji. Mwezi wachitatu uno, mapilitsi a estrogen, homoni yonenepetsa khomalo, ndamwa mpaka kutopa nawo, khomalo osasuntha.

Kenako anatchula growth hormone, homoni ya kukula. Ndinaseka mokweza mpaka namwino anacheuka. "Adokotala, zaka 36 ndili nazozi, nditalikiranso pati?"

Sanaseke nawo. Anatenga pepala n'kujambula mutu wa munthu, pansi pa ubongo n'kuikapo kadontho. Ati ako ndi ka pituitary, kakang'ono ngati njere ya nsawawa, ndipo homoni ya kukula yambiri imachokera mmenemo. Koma si mokhamo ayi. Dzira likatuluka, m'masabata awiri omaliza msambo usanabwere, timaselo ta m'khoma la chiberekero timapanganso yakeyake, yochepa kwambiri, yogwira ntchito pomwepo. Imagwirizana ndi inzake yotchedwa IGF-1 pothandiza maselo kuchulukana, nthawi yomweyo imene khomalo likukonzekera kulandira mluza. Mimba ikakhazikika, nsengwa imayamba kupanga mtundu wakewake, moti pofika theka lachiwiri la mimba ya ku pituitary ija imakhala itazilala, ya nsengwa ndiyo ikulamulira m'magazi a mayi.

Apa m'pamene pandikhudza. Zaka zonsezi chiberekero changachi ndimachiona ngati mphika wopanda kanthu, wongodikira kuti wina aikemo. Kani mwezi uliwonse chimakhala chili kalikiliki, ine osadziwa, ndikuchinyoza mumtima.

"Ndiye mundibaya?" ndinafunsa.

"Tikhoza kuyesa, mayi, koma sindikukulonjezani. Kafukufuku wina akuonetsa kuti khoma limanenepako, wina sakuonetsa kusiyana kwenikweni. Komanso jekeseniyo ndi ndalama zina pamwamba pa zomwe mwalipira kale."

Chilungamo chawocho chinandikwiyitsa, sindikubisa. Ndimafuna munthu wondinamiza lero.

M'takisi pobwerera, kapena ndinali nditafika kale, sindikukumbukanso, apongozi anaimba pa WhatsApp kuchokera ku Ntcheu. Moni wautali, za mvula, za mbuzi yomwe yaswa mapasa. Kenako mawu n'kutsika: "Nanga mwana wanga, kumeneko kudakali zii?" Ati pali agogo ena odziwa mizu, ndingotumiza ya sopo. Sananene moipa, amandikonda mayi amene aja. Ndinangoti, "Tamva amayi, tikambirana ndi ana anuwa." Ndikanayambira pati kuwafotokozera za milimita imodzi?

Pepala la mtengo wa jekeseni ndalipinda kanayi, lili pansi pa kapu ya tiyi. Abambo akunyumba aweruka 10 koloko usiku uno. Mwina ndiwaonetsa mawa, kapena Loweruka akapuma.