Ndinafunsa foni kuti ndiwerenge buku liti la sci-fi, izi ndi zomwe ndaphunzirapo

Teremu ino pa kosi yathu ya kompyuta aphunzitsi anatipatsa asainimenti yoti aliyense asankhe pulogalamu imodzi mwa zija zimakuuza zoti uonere kapena ugule, aifufuze mmene imaganizira kenako adzafotokoze mkalasi. Anzanga ambiri anathamangira TikTok ndi YouTube, ine ndinati ayi ndipita ku mabuku poti kuno ku Salima anthu okonda sci-fi (nkhani zopeka za sayansi ndi zamtsogolo) ndi fantasy (nkhani zopeka za matsenga ndi zodabwitsa) tilipo ochepa zedi, ukamuuza munthu kuti ukuwerenga za maloboti ndi anthu okhala pa Mars amakuyang'ana ngati wayamba kudwala mutu waukulu kkkk. Wondiuza buku lotsatira ndilibe, ndiye ndinkafunadi ndidziwe ngati makinawa angandithandize.

Ndinayambira pa Goodreads, yomwe inatsegulidwa mu 2007 kenako Amazon inaigula mu 2013. Umalowetsa mabuku omwe unawerengapo nkumawapatsa nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5, ikaona kuti wapatsa okwanira imayamba kukutchulira ena. Njira yaikulu yomwe mapulogalamu otere amagwiritsa ntchito amaitcha collaborative filtering, ndipo apa mpomwe mutu wanga unatsegukira chifukwa makinawo bukulo sanaliwerenge olo tsamba limodzi, sakudziwa ngati nkhaniyo ili bho kapena yotopetsa, amangoona kuti anthu ena omwe anapereka nyenyezi zofanana ndi zako anakondanso chiyani basi. Zili ngati amayi aja ogulitsa ndiwo pa Kamuzu Road, ukagula usipa amakufunsa kuti tomato ndi anyezi ndikuikirenso? Sanalawepo ndiwo za kwanu iwowo, angoona kuti aliyense wogula usipa amagulanso zimenezo.

Vuto lake likubwera apa. Ngati makina akuwerengera anthu osati nkhani, ndiye kuti buku lomwe lili ndi owerenga ochuluka limatchulidwa pafupipafupi, likatchulidwa limapezanso owerenga ena atsopano, iwonso nkupereka nyenyezi, zimangozungulira choncho. Buku lomwe analipatsa nyenyezi anthu ochepa makina alibe pogwira, mmanotsi athu amati cold start. Mmapulogalamu omwe ndinayesa ndinkangolandira mayina omwewomwewo a ku America ndi ku UK, abwino ndithu sindikunyoza, koma sipanatuluke Azotus the Kingdom ya Shadreck Chikoti, buku la mMalawi mnzathu lomwe nkhani yake ikuchitika mu Africa zaka 500 kutsogoloku, kapena Imagine Africa 500, msonkho wa nkhani zazifupi womwe unasindikizidwa ku Lilongwe konkuno. Si tsankho ayi, ndi masamu chabe. Ife Amalawi timawerenga, timabwerekana buku mpaka chikuto kuthothoka, koma ndi angati amapita pa intaneti kukalemba kuti ndawerenga ndipo ndalikonda? Buku limodzi litha kudutsa mmanja mwa hostel yonse koma kwa makina palibe amene analigwirapo.

Ndinayesanso StoryGraph, anaiyambitsa Nadia Odunayo wa ku London mu 2019. Iyi inandisangalatsako chifukwa imaganiziranso za mkati mwa bukulo, imakufunsa kuti ukufuna nkhani yothamanga kapena yoyenda pang'onopang'ono, yoseketsa, yomvetsa chisoni kapena yoopsa, ndipo utha kutenga mndandanda wako wa pa Goodreads nkuusamutsira kumeneko osayambiranso. Komabe zizindikiro zimenezo zambiri amaika ndi owerenga omwe, ndiye buku lopanda owerenga kumenekonso limakhala lopanda mbiri.

Za ma chatbot, mapulogalamu a AI aja omwe umawalembera iwo nkumakuyankha ngati munthu, ndinene mosabisa, amacheza bwino kwambiri, utha kulemba kuti ndikufuna nkhani ya zamatsenga yochitikira mmudzi wa mmbali mwa nyanja iwo nkukupatsa mayina msangamsanga ndi kufotokoza kokoma. Koma amatha kupeka buku loti kulibe nkuliika pa dzina la mlembi weniweni. Mu May 2025 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times inatulutsa mndandanda wa mabuku 15 oti anthu awerenge, 10 mwa iwo anali oti sanalembedwepo nkomwe, anapeka ndi AI. Ngati zinapitirira anthu a nyuzipepala kuli bwanji ife a bandulo ya tsiku limodzi. Pano dzina lililonse lomwe chatbot yandipatsa ndimayamba ndalisaka kaye, ndione wosindikiza ndi nambala ya ISBN, ija yozindikirira buku losindikizidwa.

Chomwe chinasintha zinthu ndi mindandanda yopangidwa ndi anthu. Pali ma Nommo Awards omwe African Speculative Fiction Society inayamba kupereka mu 2017 kwa alembi a mu Africa, palinso magazini ya Omenana ya ku Nigeria yomwe inayamba mu 2014 ndipo imawerengedwa ulele pa intaneti. Nditayang'ana omwe anawina Arthur C. Clarke Award, mphotho ya mabuku a sci-fi ya ku UK, ndinapeza Tade Thompson wa makolo a ku Nigeria mu 2019 ndi Namwali Serpell wa ku Zambia kuno mu 2020, neba weniweni, ine osadziwa. Mayina amenewa nditawalowetsa mmapulogalamu muja nkuwaika pa shelefu ya zofuna kuwerenga, zotuluka zinayamba kusintha, kunayamba kubwera alembi a ku Nigeria, South Africa, ena a mu Africa okhala kunja. Ndiye makinawa ntchito amagwira, kungoti poyambira uyenera kuwapatsa wekha, ndipo poyambirapo ine ndinapapeza kwa anthu.

Chinanso chomwe opanga mapulogalamuwa sachiwerengera nchoti kutchuliridwa buku ndi kulipeza mmanja ndi nkhani ziwiri. Ambiri mwa mabukuwa amagulitsidwa mmadola, pamafunika khadi yolipirira pa intaneti, ndipo nkhani ya forex mukuidziwa nokha sindichita kufotokoza. Ine zomwe ndimakwanitsa ndi za pa Project Gutenberg, kumene kuli mabuku akale omwe copyright yake inatha ngati The Time Machine ya H. G. Wells ya mu 1895, kafailo kake nkakang'ono sikadya data, kwinako ndimadalira ogulitsa mabuku a kaunjika ndikapita ku Lilongwe, kumene sumasankha iwe, umatenga zomwe wapeza. Nthawi zina mndandanda wanga wa zofuna kuwerenga ndimangouyang'ana nkuseka.

Mu lipoti langa ndaikamonso funso lomwe aphunzitsi anati ndilisiye momwemo tidzakambirane mkalasi. Fantasy ife tinayamba kalekale, nthano za Kalulu, za Napolo wotuluka mphiri nkugumula zonse popita kunyanja, nkhani za ouluka pa lichero zomwe asodzi a ku Senga Bay angakufotokozere mpaka kucha. Zonsezi zilibe ISBN, zilibe nyenyezi, ndiye mmasamu a collaborative filtering sizingalowe ngakhale zitakoma bwanji. Mnzanga wina akuti yankho nkuzilemba nkuziika pa intaneti, wina akuti tikaziika azidzangozitenga ma AI ulele ife osapindulapo kanthu, ndipo pamenepa tinakangana mpaka nthawi ya nsima kudutsa osagwirizana.

Pakadali pano tagwirizana anthu angapo mkalasi kuti aliyense atsegule akaunti nkumapereka nyenyezi ku mabuku a Amalawi omwe anawerengadi, osati kungodina zisanu chifukwa ndi wakwathu, tione ngati pakutha pa teremu zotitchulira zisinthe. Kufotokoza kwanga kuli sabata ya mawa. Ngati alipo wa ku Salima kuno kapena ku Nkhotakota yemwe ali ndi Imagine Africa 500 andibwerekeko chonde, ndikufuna ndikaionetse mkalasi, ndibweza ili bwinobwino.