Apampando atula pansi udindo

Ndangochoka kumene kumsonkhano wa gulu lathu lija lomenyera sitima yonyamula anthu kuno ku Mchinji, ndipo mtima sunakhazikikebe. Apampando atula pansi udindo. Angoimirira pansi pa mtengo wa mango paja, n'kutulutsa m'jumbo kope lakuda lija la masiginecha, chidindo ndi kiyi wa bokosi, n'kuika patebulo. Akuti mawondo akana. Basi. Tonse tinangoti zii, ngakhale amayi aja okonda kutsutsa chilichonse.

Madala amenewa anaona ndi maso awo njanji ikufika kuno mu 1980, anaonanso mu 2010 italumikizidwa mpaka ku Chipata. Zaka zonsezi akhala akulemba makalata, kupalasa njinga m'midzi kutolera mayina, osalandira ngakhale tambala, kuti nafenso tsiku lina tidzakwere sitima kupita ku Lilongwe monga anzathu a ku Balaka amakwerera popita ku Limbe. Ena ankawaseka kuti okwera njanji ya kuno ndi mbuzi zokha.

Tasankha mtsikana wina, mphunzitsi, kuti akhale pampando. Ena ayamba kale kunong'ona kuti ndi mwana. Ine ndamuvotera ndipo sindikubisa, makalata olemba pamanja anatitopetsa, iyeyu kompyuta amaidziwa ndipo anthu amawasonkhanitsa pa WhatsApp. Koma chandikhudza kwambiri n'chakuti madala sanadikire kuti tichite kuwakankha. Pochoka ndawapeza akumuonetsa tsamba lomwe mvula inafufuta mayina, akumuuza kuti akayambire mudzi umenewo.