Anthu akakomoka poonera filimu ya ziwanda, chawakomola n'chiyani?

Pa 26 Disembala 1973 filimu ya The Exorcist inayamba kuonetsedwa ku America, ndipo sipanapite masiku ambiri manyuzipepala asanayambe kulemba za anthu okomoka, osanza ndi otuluka m'holo filimu ili mkati. Wophunzira aliyense wa za mmene oonera amalandirira mafilimu oopsa amayambira pa nkhani imeneyi, ndipo ambiri amaphonya pomwepa. Amatenga zonse zimene zinachitika m'maholo aja n'kuzitchula ndi dzina limodzi lakuti mantha. Chimene ndatola pa phunziroli n'chakuti pali kukomoka, pali kudzidzimuka, ndiye pali mantha amene munthu amapita nawo kunyumba. Chilichonse chili ndi gwero lake m'thupi, ndipo kafukufuku wozisakaniza amatuluka ndi mayankho olakwika.

Tiyambe ndi kukomoka, poti ndi kumene kunatchuka. Mu filimuyi, imene anaitsogolera William Friedkin kuchokera m'buku la William Peter Blatty la 1971, mtsikana wa zaka 12 dzina lake Regan sanayambire kwa wansembe. Mayi ake anayamba apita naye kwa madokotala. Pa gawo lina mtsikanayo wagonekedwa pa bedi la chipatala, dokotala akumubaya singano pakhosi kulowa mu mtsempha waukulu wopita ku ubongo, magazi akutumphuka motsatira kugunda kwa mtima, kenako makina ojambula m'mutu akuyamba kulira mwaphokoso. Gawo limeneli analijambulira m'chipatala chenicheni ku New York, mothandizidwa ndi ogwira ntchito enieni. Olemba mbiri ya filimuyi amabwerezabwereza kunena kuti anthu ambiri okomoka ankagwera pamenepa, chiwanda chisanaonetse n'komwe mphamvu zake zonse.

Izi zikugwirizana ndi zimene madokotala amadziwa. Mantha wamba amathamangitsa mtima ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, ndipo munthu wotere kawirikawiri sakomoka. Koma anthu ena akaona magazi, singano kapena bala, thupi lawo limayenda magawo awiri: mtima umayamba wathamanga pang'ono, kenako umabwerera pansi mwadzidzidzi, mitsempha imamasuka, magazi amatsikira kumiyendo, ubongo n'kuperewedwa. Dzina lake kuchipatala ndi vasovagal syncope. Holo yotentha, njala ndi kuima nthawi yaitali pamzere wogula matikiti zimawonjezera vutoli, ndipo mizere ya filimu imeneyi inkatenga maola. Choipa china n'chakuti munthu akamva nseru amadzuka msangamsanga kuti atuluke, ndiye amagwera pakanjira, chifukwa kuimirira kumachotsa magazi otsala aja kumutu.

Amene akuonetsa filimu yotere pofuna kuphunzira ayenera kudziwa zizindikiro zake: thukuta lozizira, kuyasamula pafupipafupi, chizungulire, maso kuchita mdima, makutu kulira. Munthuyo asaimirire. Mugonekeni chagada, mukweze miyendo yake pampando, mumasule zothina pakhosi. Ambiri amatsitsimuka mphindi imodzi isanathe, koma akhalebe chogona kwa mphindi 10 kapena 15, ndipo madzi amwe pokhapokha atatsitsimukiratu. Akachedwa kutsitsimuka, akamadandaula pachifuwa kapena ngati wamenyetsa mutu, nkhani yake ndi ya kuchipatala. Wokomoka amatha kugwedeza manja kapena miyendo kwa masekondi ochepa. Kumeneku sikuti ndi khunyu nthawi zonse, ndipo si chizindikiro chakuti za mu filimu zamulowa. Ndikutsindika zimenezi chifukwa pakati pa anthu amene angoona kumene mtsikana akuphiriphitha pa kanema, maganizo oyamba amathamangira komweko, ndipo wodwalayo amapanikizidwa ndi gulu m'malo mopatsidwa mpweya. Musamuike kanthu m'kamwa. Kwa amene amadzidziwa kuti magazi amawakomola, katswiri wa ku Sweden Lars-Göran Öst anakonza njira yosavuta: kulimbitsa minofu ya manja, miyendo ndi thunthu kwa masekondi 10 mpaka 15, kumasula kwa masekondi 20 mpaka 30, n'kubwereza kasanu. Kulimbitsako kumakweza kuthamanga kwa magazi.

Kudzidzimuka n'kwina. Sikudutsa m'maganizo. Ofufuza akafuna kukuyambitsa amangoliza kaphokoso kamphamvu ka madesibelo (muyeso wa kukula kwa mawu) pafupifupi 100 kwa mamilisekondi 50 (gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi), ndipo maso amaphethira gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi lisanathe. Wokhulupirira ziwanda ndi wosakhulupirira amadumpha chimodzimodzi. Chimene chimakulitsa kudumphako ndi nkhawa imene munthu anali nayo kale phokoso lisanabwere, ndipo chimene chimakuchepetsa ndi kubwereza: phokoso lachisanu siligwira ngati loyamba.

Apa m'pamene filimu ya The Quiet Ones ya 2014, ya kampani ya Hammer, imaphunzitsa zambiri. Nkhani yake ili ku Oxford m'chaka cha 1974. Pulofesa Coupland, amene anaseweredwa ndi Jared Harris, amakhulupirira kuti zimene anthu amati kugwidwa ndi ziwanda ndi mphamvu yoipa yochokera m'maganizo a wodwala mwiniyo, ndipo ingathe kukokedwa n'kutulutsidwa. Amatsekera mtsikana Jane Harper m'chipinda, kumuletsa tulo ndi nyimbo zaphokoso, kumumangirira zipangizo zoyezera, mnyamata wina akujambula zonse pa kamera. Yunivesite itasiya kupereka ndalama, amasamukira m'nyumba ina yakumudzi. Maziko ake ndi abwino kwambiri, chifukwa woonera sadziwa ngati aope chiwanda kapena aope pulofesayo. Koma dandaulo lofala la oonera ndi olemba ndemanga linali lakuti filimuyi imadalira kwambiri maphokoso odzidzimutsa. Ine ndikuona kuti anali ndi mfundo. Kukayika kuja, kwakuti kodi mtsikanayu ndi wodwala, wozunzidwa kapena wogwidwa, kumafuna bata kuti kukule mumtima. Phokoso lililonse limakudula. Munthu akadumpha amaseka, amapuma, nkhawa imatsika, ndiye wopanga filimu amayenera kuyambanso kumanga. Choncho ukhoza kuwerenga anthu odumpha ambirimbiri m'holo, koma potuluka n'kumakuuza kuti sinali yoopsa. Onsewo akunena zoona, kungoti akunena za zinthu ziwiri zosiyana.

Filimu imeneyi anaitsatsa kuti inachokera pa zochitika zenizeni, ndipo mawu amenewa paokha amasintha mmene anthu amaonera. Zenizenizo ndi izi. M'chaka cha 1972 ku Toronto, gulu la anthu 8 lotsogozedwa ndi katswiri wa masamu George Owen, mmene munalinso mkazi wake Iris, linapeka dala munthu amene sanakhaleko, n'kumutcha Philip Aylesford, mkulu wina wa ku England wa zaka za m'ma 1600. Anamulembera mbiri yonse, mpaka mkazi wake Dorothea ndi chibwenzi chake Margo chimene akuti chinaotchedwa pochinamizira ufiti. Cholinga chinali kuona ngati gulu lingathe "kuitana" mzimu wa munthu wopeka. Kwa pafupifupi chaka ankakhala chete n'kumasinkhasinkha, osaona kanthu. Atasintha njira, n'kuyamba kukhala mozungulira tebulo, manja pamwamba, akuimba ndi kuseka, anayamba kumva kugogoda: kamodzi kutanthauza inde, kawiri ayi. Ankanenanso kuti tebulo linkasuntha. Mayankho ake ankatsatira mbiri imene iwo omwe analemba. Philip sanaonekere ndi maso. Palibe anagwidwa ndi chiwanda, palibe anatsekeredwa, palibe anafa.

Kusuntha kwa tebulo kunali kutafufuzidwa kale kwambiri. Wasayansi wa ku England William Carpenter mu 1852 anafotokoza zimene anazitcha ideomotor, kutanthauza timayendedwe ta minofu timene munthu amachita osadziwa chifukwa choyembekezera kuti chinthu chisuntha. Mu 1853 wasayansi winanso, Michael Faraday, anasanjikiza timakatoni tomatidwa mofewa pansi pa manja a okhala patebulo. Atayang'ana pambuyo pake anapeza kuti takumwamba, tokhudza manja, tinali titasunthira patsogolo kuposa tapansi, kusonyeza kuti manja ndi amene ankakankha. Ataika kamuvi koonetsa kukankhako pamene onse akukaona, tebulo linaleka kuyenda. Anthuwo sankanama, ankakankha osadziwa. Pa kafukufuku wa oonera, nkhani imeneyi ili ndi ntchito yooneka: gulu limene lauzidwa kuti filimu ndi ya zochitika zenizeni silofanana ndi gulu limene lafotokozeredwa za Toronto ndi za Faraday lisanaonere. Wofufuza asankhe chimodzi, anene mawu omwewo kwa onse, ndipo awalembe. Akangolankhula za m'mutu tsiku ndi tsiku, wasokoneza yekha zotsatira zake.

Chachitatu, mantha opita nawo kunyumba aja, chimene ndikuona kuti n'cholemera kuposa zinazo, sichioneka m'holo. Mu 1975 dokotala wa matenda a maganizo James Bozzuto analemba za anthu anayi amene anafika kwa iye ataonera The Exorcist, akusowa tulo, ali ndi nkhawa yaikulu, chakudya chosalowa. Anthu anayi ndi ochepa, sangatiuze kuti vutoli n'lofala motani, koma anasonyeza kuti liripo. Mu 1999 Kristen Harrison ndi Joanne Cantor anafunsa ophunzira a ku yunivesite pafupifupi 150 ku America. Pafupifupi 9 mwa 10 alionse anakumbukira filimu kapena pulogalamu imene inawaopsa kwambiri ali ana kapena achinyamata, ndipo mmodzi mwa anayi alionse anati mantha akewo akadali nawo.

Mafilimu a ziwanda amaluma kwambiri pamenepa, chifukwa chilombo cha m'nyanja ukhoza kuchithawa posapita kunyanja, koma choopsa cha mu filimu izi chili kuchipinda chogona ndi m'thupi la mwana wa m'nyumba momwemo. Ndiponso chikhulupiriro cha woonera chimalowapo. Kwa munthu amene amati ziwanda ndi nthano, filimu ikatha nkhani yatha. Kwa munthu amene anakulira kumene mapemphero otulutsa ziwanda amachitika sabata ndi sabata, ngati mmene zilili m'mipingo yambiri kwathu kuno, zimene waona ndi zotheka usiku womwewo. Kafukufuku amene safunsa za chikhulupiriro cha woonera wasiya chinthu chachikulu, ndipo wofunsa monyoza sauzidwa zoona.

Tsono poyeza zonsezi, dongosolo lake liyenera kutsatira kusiyana kumeneku. Oonera akhale akuluakulu a zaka 18 kupita m'tsogolo, ouzidwa bwino zimene akaone ndi kuti akhoza kutuluka nthawi iliyonse. Odwala mtima, a khunyu ndi okomoka akaona magazi asalowe. Khofi ndi fodya zilekedwe maola angapo filimu isanayambe. Aliyense akhale phee kwa mphindi 5 kuti mudziwe kugunda kwa mtima wake ali pamtendere, chifukwa kugunda 90 pa mphindi n'kokwera kwa wina koma kwachizolowezi kwa mnzake. Wotchi ya zoyezera igwirizane ndi ya filimu mpaka pa sekondi, ndipo mulemberetu nthawi ya phokoso lililonse ndi ya magawo abata. Kachipangizo koyeza thukuta kamamangidwa pa zala ziwiri za dzanja limene munthu saligwiritsa ntchito kwambiri, ndipo kamayankha patapita sekondi imodzi mpaka atatu. Woiwala kuchedwa kumeneku amapachika mantha pa chithunzi cholakwika. Kukula kwa mawu kukhale kumodzi kwa magulu onse, apo ayi mukuyeza masipika.

Zoyezera zili ndi malire ake. Mtima umathamanga pa mantha, pa kuseka ndi pa kusuntha pampando, ndipo makina sasiyanitsa. N'chifukwa chake mafunso ndi ofunika, koma aliyense ayankhe payekha, papepala, asanacheze ndi anzake. Kufunsa pagulu kuti "munaopa?" kumabala mayankho odzitama, makamaka kwa anyamata. Dolf Zillmann ndi anzake anasonyeza mu 1986 kuti anyamata ankasangalala kwambiri ndi filimu yoopsa akakhala ndi mtsikana wooneka wamantha, pamene atsikana ankasangalala akakhala ndi mnyamata wooneka wolimba mtima. Choncho lembani kuti aliyense anakhala pafupi ndi ndani. Kukuwa kwa munthu mmodzi kumafalikira mzere wonse, ndipo anthu 30 a m'holo imodzi sangawerengedwe ngati mboni 30 zosadziwana. Funso la mantha ndi la kusangalala akhale osiyana. Ofufuza a ku yunivesite ya Aarhus, atayeza anthu 110 m'nyumba yoopsezera alendo ku Vejle m'dziko la Denmark, analemba mu 2020 kuti chisangalalo chimakwera limodzi ndi mantha mpaka pena pake, kenako mantha akapitirira chimatsika.

Chimene ambiri amadumpha, poti n'chotopetsa, ndi kubwereranso kwa oonera aja patatha masiku 7. Funso lakuti "mukuopabe?" silithandiza. Funsani zochitika zowerengeka: mwagona mochedwa masiku angati, mwasiya nyale ikuyaka kangati, mwalota za mu filimu kangati, pali chipinda kapena njira imene mwaipewa, mwapempha munthu kuti akuperekezeni panja usiku. Mayankho amenewa muwaike pambali pa zimene makina analemba tsiku la filimu, munthu ndi munthu, kuti muone ngati odumpha kwambiri aja ndi omwewo amene akusowa tulo. Ndipo woyankha kuti tulo tasowa sabata yonse musangomulemba m'kaundula. Mukhale mutakonzeratu mlangizi kapena chipatala chimene mungamulozere tsiku lomwelo.