Benchi ya pa Lizulu: mbiri ya shopu yathu ya mafoni

Shopu yathu ili pa Lizulu, m'boma la Ntcheu, m'mbali mwa msewu wa M1, pamene ukangowoloka phula wafika ku Mozambique. Inu odutsa pa basi mumadziwa Lizulu chifukwa cha mbatatesi, kabichi, tomato ndi anyezi zomwe anyamata amakukwezerani pa windo. Ife sitigulitsa chilichonse mwa izi. Timatchaja mafoni, timagulitsa mayunitsi, ndife ajenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba, timapanga fotokope, kutayipa ndi kusindikiza makalata. Pakhomo pali benchi yaitali ya matabwa a paini, ndipo zambiri zomwe ndikufuna kufotokoza zinachitikira pa benchi imeneyi.

Tinayamba mu 2018, ine ndi bambo a kunyumba kwathu. Mpamba unachokera ku mbatatesi za kudimba ndi ngongole yomwe ndinatenga ku banki m'khonde ya amayi a kutchalitchi. Chaka chimenecho boma linalamula kuti aliyense alembetse nambala yake ya foni pogwiritsa ntchito chitupa cha unzika, chomwe anthu anali atangojambulitsa chaka chapitacho. Paliponse ankafuna fotokope ya chitupa: kusukulu, kubanki, kwa amfumu, pofunsira ntchito. Tinagula makina akale a fotokope ku Lilongwe, sola imodzi, batire ya galimoto ndi thabwa lokhomerera masoketi. Foni iliyonse timaimata kapepala ka nambala, mwini wake n'kutenga kapepala kena ka nambala yomweyo. Mpaka lero njira ndi imeneyo, ndipo wotaya kapepala amadikira mpaka madzulo kuti mafoni ena onse atengedwe.

Foni siidzadza msanga, ndiye mwini wake amakhala pansi. Benchi tinaiikira zimenezo. Poyamba nkhani zake zinali za Bullets ndi Wanderers, mtengo wa thumba la feteleza, ndi maliro a kumudzi. Zinasintha ndi chisankho cha 2019. Kuyambira pa nkhani ya tipeksi, kudzafika pa chigamulo cha khoti pa 3 February 2020 chofafaniza zotsatira, mpaka chisankho chobwereza cha pa 23 June chaka chomwecho, benchi inasanduka bwalo la milandu. Apa m'pamene ndinaona chinthu chomwe anzathu a m'tauni sachidziwa. Pa anthu odzadza benchi, okhala ndi foni yaikulu komanso bandulo amakhala mmodzi kapena awiri. Ameneyo ndiye amawerengera anzake mokweza. Munthu wa ku Area 25 kapena ku Ndirande akalemba maganizo ake pa Facebook ali m'minibasi, atatopa, mwina atakwiya ndi kondakitala, saganiza kuti mawu akewo awerengedwa pa Lizulu pamaso pa agogo omwe anakula akudziwa kuti cholembedwa ndi choulutsidwa pa wailesi chimakhala chitafufuzidwa. Agogowo akabwerera kumudzi sanena kuti “mnyamata wina akuganiza choncho.” Amati, “zatuluka pa foni.”

Sindibisa, mikangano imeneyi imatidyetsa. Kukakhala nkhani yotentha, mafoni amatha moto msanga, mabandulo amayenda, ndipo amayi ogulitsa mandasi pafupi nafe amaweruka dzuwa likadali pamutu. Mu January 2022 namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, kuzima kwa magetsi kunatibweretsera ngakhale anthu omwe ali ndi magetsi m'nyumba zawo, moti tinawonjezera sola ina. Koma chaka chomwecho mu May ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenaka mu November 2023 ndi 44 peresenti. Inki, mapepala ndi matchaja zonse zimachokera kunja. Mtengo wa fotokope sungaukweze molingana, chifukwa kasitomala wako ndi mayi wofuna fotokope ya chitupa kuti akagule feteleza wotsika mtengo. Miyezi imeneyo tinapulumukira ku komishoni ya kutumiza ndi kutapa ndalama.

Za AI, mapulogalamu a pakompyuta ndi pafoni omwe amatha kulemba ndi kuyankha mafunso ngati munthu, tinayamba kuzimva pa benchi pomwepo. ChatGPT, imodzi mwa mapulogalamu amenewa, inatuluka mu November 2022, koma kuno inali nkhani ya ana a ku koleji obwera kutchuthi. AI inafika m'manja mwa aliyense mu April 2024, pamene kabwalo kabuluu ka Meta AI kanayamba kuoneka pa WhatsApp, poti Malawi anali m'gulu la mayiko omwe anakalandira nthawi imeneyo. Ambiri anadabwa kuti kalowa bwanji m'foni mwawo iwo asanakaitane. Kunayenda ma voice note oti ndi chizindikiro cha chilombo cha m'buku la Chivumbulutso. Ena ankati ndi boma likumvetsera, ndipo bambo wina anandipempha kuti ndimuchotsere asanayambe kuyankhula za ndale ndi mlamu wake. Achinyamata ankawerenga zolemba za pa Facebook zoti pofika chaka chamawa sikukhalanso kalaliki, mphunzitsi kapena loya. Aphunzitsi a kusekondale omwe amadzasindikiza mayeso kwathu ankadandaula kuti ana akubwera ndi chimangirizo cha Chingelezi chosalala chomwe sangathe kuchifotokoza akafunsidwa.

Pa maganizo onsewa, a ntchito aja ndiwo anandikhudza, chifukwa kwa ife anakwaniritsidwa pang'ono. Mwana wamkazi wa mchemwali wanga, yemwe ali ndi MSCE, ankakhala pa kompyuta tsiku lonse kutayipa makalata ofunsira ntchito, ma CV ndi malamulo a magulu a m'mudzi. Munthu ankabwera ndi pepala lolemba pamanja, kapena kungofotokoza pakamwa, ndipo tinkalipiritsa kutayipa payokha, kusindikiza payokha. Lero mnyamata amafika kalata ili kale m'foni, amangoti “anti, ndakutumizirani pa WhatsApp, ingoprintani.” Ndalama ya kutayipa inachepa zedi, ndipo amene amalemba pa intaneti kuti AI ndi chidole chabe abwere adzaone buku lathu la ndalama.

Koma nditayamba kuwerenga makalatawo ndisanasindikize, ndinapeza zodandaulitsa. Kalata ya wofunsira ulonda ndi ya wofunsira ukalaliki zimafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Choipa kwambiri, makinawo amadzaza malo opanda kanthu ndi zopeka. Mnyamata amene sanatulukepo mu Ntcheu amapezeka kuti watsogolerapo gulu la antchito, ndipo iye sakudziwa, poti Chingelezicho sanachimve. Mmodzi anabwera ndi kalata yomwe m'munsi mwake munatsala mawu oti alembepo dzina lake, ali wokonzeka kuipereka momwemo. Mwana wa mchemwali wanga anandifotokozera mmene zimayendera: makinawa anaphunzitsidwa ndi zolemba zambirimbiri za pa intaneti, ndipo ntchito yawo ndi kulosera mawu oyenera kutsatira mawu anzake. Kulosera mawu ndi kudziwa munthu n'zosiyana. Ukawafunsa mtengo wa ndowa ya mbatatesi pa Lizulu lero, angathe kukuyankha molimba mtima asanapondepo pamsika. Chichewa chawo nachonso chimatsimphina, chifukwa zolembedwa m'chilankhulo chathu pa intaneti n'zochepa poyerekeza ndi za Chingelezi.

Choncho tinasintha ntchito. Tsopano timalipiritsa kukonza kalata. Mtsikana uja amakhala ndi mwini wake, kumumasulira mzere uliwonse m'Chichewa, n'kumufunsa kuti, “Achimwene, izi munachitapodi?” Chabodza amafufuta, choona chomwe mwini wake anachiderera amachilowetsa. Munthu amene wayendetsa kabaza zaka zingapo osataya katundu wa kasitomala, kapena amene wasunga buku la banki m'khonde popanda dandaulo, ali ndi chonena kwa wolemba ntchito, koma makinawo sangachidziwe ngati sanauzidwe. AI timaigwiritsa ntchito ifenso, ndipo sindichita nazo manyazi. Imatithandiza kuwongola Chingelezi, kukonza maonekedwe a makadi a chinkhoswe ndi mapologalamu a maliro, komanso kumasulira mapepala a Chipwitikizi omwe abale athu a ku Angónia, tsidya la msewu ku Mozambique, amabwera nawo. Ameneŵa timayankhula nawo Chichewa chimodzi ndipo ambiri ndi Angoni a Gomani ngati ife, koma mapepala a boma lawo ali m'Chipwitikizi. Kumasulirako timakutenga ngati chongotiunikira. Pepala likakhala la malo kapena la kukhoti, timamutumiza munthuyo kwa wodziwa chilankhulocho.

Sabata yomwe sindidzaiwala ndi ya pa 10 June 2024, pamene ndege yomwe inanyamula wachiwiri kwa pulezidenti, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inasowa pa ulendo wa ku Mzuzu, n'kupezeka mawa lake itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Kwa ife a ku Ntcheu anali mwana wa pakhomo, ndipo anaikidwa kwawo ku Nsipe pa 17 June. Masiku amenewo soketi iliyonse inali ndi foni, anthu ataima mpaka kumsewu. Foni iliyonse inali ndi nkhani yake. Usiku woyamba kunayenda mauthenga oti ndegeyo yatera kwina ndipo onse ali moyo, ndipo ndinaona amayi akulu akuimba nyimbo yothokoza Mulungu chifukwa cha uthenga womwe wina anangoulemba. Mawa lake amayi omwewo analira kawiri. Mafunso okhudza ngoziyo anthu akadali nawo ngakhale malipoti a ofufuza anatuluka, ndipo kufunsa ndi ufulu wawo. Chomwe ndimadana nacho ndi munthu woseweretsa chisoni cha anzake kuti tsamba lake likhale ndi omutsatira ambiri.

Patangotha miyezi ingapo, moto unabuka tsidya la msewu. Pambuyo pa chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 October 2024 kunali zionetsero, ndipo Venâncio Mondlane, yemwe anaimira nawo upulezidenti n'kukana zotsatira, ankayankhula ndi omutsatira kudzera pa Facebook. Intaneti ikavuta kwawo, anyamata a tsidyalo ankadzagula bandulo ya kuno kuti amvere. Ifenso zinatikhudza, chifukwa mafuta ena a galimoto amadzera ku Beira ndi ku Nacala, ndipo mafuta akasowa malole ogula mbatatesi amachepa, mlimi sagulitsa, ndipo kwa ajenti sikubwera munthu.

Chisankho cha pa 16 September 2025 chili pafupi, kunabwera bambo wina wovala bwino, wa galimoto yake. Anadikira kuti pakauntala pachepe anthu.

“Mayi, ndamva kuti mwana wanuyu amadziwa za AI. Ndikufuna chithunzi cha wandale uyu akulandira chikwama cha ndalama usiku. Musindikize zambiri, china tiponye m'magulu a WhatsApp. Mtengo nenani nokha.”

“Bambo, kodi chikwamacho analandiradi?”

“Aliyense akudziwa kuti ndi wakuba. Chithunzi n'chongothandizira.”

“Pepani bambo, zimenezo pano sitipanga. Mukafuna positala ya munthu wanu ndi zomwe akulonjeza, tisindikiza lero lomwe.”

Anachoka atakwiya, ndipo ndalama yomwe anatchula ikanalipira lendi miyezi ingapo. Bambo a kunyumba anandikumbutsa za lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security, lomwe anthu amangidwa nalo chifukwa cha zolemba za pa intaneti. Koma ine maganizo anga sanali pa apolisi. Pakauntala yomweyo m'pamene mlimi amandipatsa ndalama zonse za mbatatesi za chaka kuti ndimuikire m'foni. Pomwepo m'pamene agogo osatha kuwerenga amandipatsa foni kuti ndiwaonere ngati mwana wawo wa ku Johannesburg watumizadi ndalama. Tsiku lililonse kumabwera munthu ndi uthenga wa akamberembere woti wapambana mphoto kapena walandira ndalama molakwika ndipo abweze, ndipo amandifunsa ine kuti, “Mayi, kodi izi n'zoona?” Akadzamva kuti chithunzi chabodza chinapangidwira pa kompyuta yathu, funso limeneli adzasiya kundifunsa, ndipo ndalama zawo adzakasungitsa kwa ajenti wina. Mpamba weniweni wa shopu ino ndi funso limenelo. Ndiponso pa benchi pathu pamakhala a MCP, a DPP, a UTM ndi a UDF, ena a iwo a banja limodzi, ndipo onse amalipira mofanana potchaja.

Tinasindikiza mapositala a ofuna ukhansala ndi uphungu a zipani zosiyanasiyana. Pa 24 September, Peter Mutharika atalengezedwa kuti wapambana, Lazarus Chakwera atavomereza kale, benchi inakangana sabata imodzi, kenaka inabwerera ku mtengo wa chimanga, shuga ndi feteleza, zomwe pa Facebook zimatchedwa nkhani zazing'ono koma kuno ndi zomwe zimaweruza boma lililonse.

Panopa pamwamba pa masoketi takhoma pepala lomwe tinalemba ndi zilembo zazikulu: osapereka PIN kwa munthu aliyense, ngakhale kwa ife, osabweza ndalama musanaone balansi, chithunzi, kanema ndi mawu zikhoza kupangidwa ndi makina. Mzere womalizawu tinauwonjezera chifukwa AI tsopano imatha kutsanzira mawu a munthu, ndipo ndikuopa tsiku lomwe agogo adzalandire voice note ya mawu a mdzukulu wawo akupempha ndalama za kuchipatala. Timawauza kuti zikatero adule, aimbe okha pa nambala yomwe amaidziwa, afunse chinthu cha m'banja chomwe mlendo sangachidziwe. Amayi a banki m'khonde atatu apempha kale kuti mwana wa mchemwali wanga azikawaphunzitsa zimenezi pa tsiku lawo losonkhana, ndipo tagwirizana kuti azimulipirira thiransipoti ndi kangachepe. Ndalama ikapezeka mbatatesi zikatha kukumbidwa, tikufuna kugula makina okutira zitupa ndi masatifiketi m'pulasitiki, ndi kumanga kadenga pamwamba pa benchi, chifukwa kuzizira ndi mawawa a mu June ndi July amathamangitsa makasitomala mafoni awo asanadzadze.