Sabata ya Mfuti Ziwiri ku Lupande

Ntchito yanga ndi yotsogolera alenje amene ali ndi chilolezo m'dera la Lupande, lomwe lili moyandikana ndi paki ya South Luangwa, ndipo m'chilimwe ndimakhala m'tchire masiku ambiri kuposa amene ndimagona kunyumba ku Chipata. Sabata yathayi ndinali ndi mlendo mmodzi yekha, mlimi wachikulire wa ku Katete, yemwe anali ndi chilolezo cha ngoma imodzi. Iye akufuna kugula mfuti yakeyake, koma mtima wake unali pawiri, pakati pa 7mm Remington Magnum ndi .300 Winchester Magnum. Popeza pamsasa pathu zonse ziwiri zilipo, tinagwirizana kuti adzaziyese asanapite kupolisi kukapempha chilolezo cha mfutiyo.

Lolemba linathera pa msewu wa Mfuwe ndi pa mapepala a ku DNPW, nthambi ya boma yoyang'anira mapaki ndi nyama zakutchire, amene anatipatsa msilikali wa nyama woyenda nafe monga mwa lamulo. Madzulo ndinaika zipolopolo ziwiri patebulo kuti mlendoyo azione. Anazitembenuza kangapo, kenaka n'kufunsa kuti, "Kodi achimwene, izi si zimodzimodzi?" Sanalakwe kwenikweni, chifukwa zonsezi ndi ana a bambo mmodzi. Chibowo chake, chomwe ndi chitsulo chosungiramo onga, chokhala ndi kalamba kumunsi, chinatengedwa ku .375 H&H ya kampani ya Holland & Holland ya ku London, yomwe inatuluka mu 1912. A Remington anatulutsa yawo mu 1962, a Winchester n'kutsatira mu 1963. Kamutu ka 7mm, ndiye kuti kachitsulo kamene kamauluka kukalasa nyama, n'kotambalala mamilimita 7.2 pamene ka .300 ndi 7.8, ndipo timitu timene timagwiritsa ntchito kuno, ka magreni 160 ndi ka magreni 180 (magreni ndi muyeso wa kulemera kwake), tonse timatuluka mumpope pa liwiro la mamita pafupifupi 900 pa sekondi imodzi. Kusiyana kwake kuli pa kulemera. Chopondereza kwambiri pa nyama ndicho chimene chimakankhanso kwambiri phewa la woombera.

Lachiwiri m'mamawa tinakhomera katoni patsogolo pa chulu, mamita 100 kuchokera pa benchi. Mlendo anali atasankha kale .300 mumtima mwake, poti anzake ku Katete anamuuza kuti ndiyo mfuti ya amuna. Chipolopolo choyamba chinagwera bwino ndithu, chachiwiri chinatsika, chachitatu chinakagwera pakona ya katoni kumunsi chakumanja. Iye anati galasi loyang'anira lasuntha. Sindinamutsutse, koma ndinamupempha kuti atembenuke pamene ndikumuikira chipolopolo china, ndipo sindinaikemo kanthu. Atakoka kachitsulo kowombera, mfuti inangoti khethe, koma iye anali atatsinzina maso onse awiri, mano atalumana, mpope utagwera pansi ngati wina waumenya ndi dzanja. Wolondola mapazi wathu anatembenukira kumitengo ya tsanya kuti kuseka kwake kusaoneke.

"Bambo," ndinatero, "thupi lanu layamba kuthawa kukankha mfuti isanalire. Si manyazi ayi, zimachitikira ngakhale ife." Tinapumula, kenaka anatenga 7mm. Mfuti imeneyinso imakankha, munthu asanamizidwe, koma kwa iye inali pansi pang'ono pa malire a mantha ake. Zipolopolo zitatu zinagwera pamalo oti chikhatho chimodzi n'kuphimba.

Tsiku lomwelo panachitika chinthu chimene chinandiwawitsa mutu. Mnyamata wothandiza pamsasa, pofuna kukonza, anasonkhanitsa zipolopolo zotsala m'bokosi limodzi. Chifukwa kalamba kake n'kofanana ndipo chibowo cha 7mm n'chachifupi pang'ono, chipolopolo chimenechi chimalowa mu .300 n'kutsekeka ngati kuti n'chakwawo, ndipo chikaombedwa momwemo chibowo chingang'ambike, mpweya wamoto n'kubwerera kumaso. Ndinazindikira nditawerenga zolembedwa kumunsi kwa chilichonse, monga ndimachitira nthawi zonse. Cholakwa chinali changa, chifukwa sindinamuphunzitse. Kuyambira pamenepo .300 ndi zipolopolo zake tinazitsekera m'bokosi lachitsulo mpaka Loweruka.

Lachitatu ndi Lachinayi tinangoyenda. Tinaona nswala zambiri, nyumbu zingapo za mtundu umene umapezeka m'chigwa cha Luangwa mokha, ndi ngoma zazikazi, koma tonde wokhwima nyanga sanaoneke, ndipo akashembe anatidya msana wonse. Usiku mlendo anabwezanso nkhani ya .300, akuti mwina tsiku lina adzafuna njati. Ndinamuuza kuti pa njati ndi mvuu mfuti ziwirizi zonse zimatsala pamsasa, timanyamula .375 kapena yoposa pamenepo, choncho njati isalowe m'maganizo ake posankha. Ndinamuuzanso mosabisa kuti ineyo ndimakonda .300, makamaka pa ntchefu, chifukwa kamutu kolemera kamathyola fupa la phewa n'kutulukira mbali inayo, ndipo bala lotulukira ndilo limasiya magazi oti tilondole m'tchire lowirira. Amene amatamanda 7mm kuti imauluka mowongoka patali akunena zoona, koma kuno mitengo siitilola kuombera kutali chotero. Nthawi zambiri nyama timaipeza pa mtunda wosafika mamita 150, pamene mfuti ziwirizi sizisiyana kanthu kooneka ndi maso.

Lachisanu dzuwa litapendeka, wolondola mapazi anaima mwadzidzidzi m'mphepete mwa khwawa louma n'kuloza ndi mlomo. Tonde anali chilili pansi pa mtengo, nyanga zokha zikugwedezeka pamene ankabudula masamba. Ndinaimika ndodo zotsamirapo mfuti, mlendo n'kuikapo 7mm, ndipo ndinkamva kupuma kwake. "Dikirani atulutse mwendo wakutsogolo, bambo, mulunjike pamwamba pake pang'ono," ndinanong'ona. Ine sindinayang'ane nyamayo koma nkhope ya mlendoyo, ndipo diso lake linali chitsegulire pamene mfuti inkalira. Ngoma inadumpha, n'kuthamanga pang'ono, n'kugwa tikuiona. Posenda tinapeza kuti chipolopolo chinadutsa mapapo onse awiri n'kukaima pansi pa chikopa cha mbali inayo, chitafutukuka ngati bowa. Mlendo anachikulunga m'kansalu n'kuika m'thumba la malaya.

Loweruka tikubwerera ku Chipata anati wasankha 7mm. Ndinamulangiza kuti asanalipire kalikonse ayambe wafunsa kwa ogulitsa ku Lusaka ngati zipolopolo za magreni 160 zimapezeka nthawi zonse, popeza kusintha kulemera kwa kamutu kumatanthauza kubwereranso pa katoni ndi kukonzanso galasi. Ndinamusiya pa siteshoni ya mabasi a ku Katete, nyama yake ili m'bokosi la ayezi, ine n'kupita kunyumba kukatsuka mipope iwiriyo mlendo wa Lolemba asanafike.