Makompyuta aja ankati ndi akufa

Lachitatu, Mulanje.

Chiperoni chagwa kuyambira usiku, moti pochoka pa Chitakale m'mawawu phiri silimaoneka ndi pang'ono pomwe. Ndimalowera njira ya ku Limbuli, kusukulu ina ya sekondale yoyendera komwe mphunzitsi wa kompyuta anandiitana sabata yatha. Pafoni anangoti, "Achimwene, makompyuta athu akufa sikirini. Ahedi akuti tingowatulutsa m'kalasi, akungodya malo."

Nditafika ndinapeza asanjidwa kale pakona, ena atafundikidwa chitenje. Ndi ma Dell OptiPlex 760 ndi 780, aja a Core 2 Duo omwe anatuluka cha mu 2008 ndi 2009, omwe anadzafika kuno atagwira kale ntchito m'maofesi a kunja. Makina amenewa alibe khadi yapadera ya zithunzi. Chomwe chimajambula pa sikirini ndi Intel GMA 4500, ndipo chinamatiridwa pa motherboard pomwepo, bolodi yaikulu ya m'kati mwa kompyuta. N'chifukwa chake anthu amafulumira kutaya mtima: akamva kuti chojambuliracho sichizuka, amati ndiye kuti chikavuta, makina onse atha basi. Koma pa ntchito yangayi ndaona kuti kachipangizo kameneka n'kolimba, ndipo kawirikawiri kamanamiziridwa mlandu wa ena.

Yoyamba kuyatsa inabwera ndi chithunzi chonse, koma chili chofiirira ngati wina wathira juwisi pagalasi. Ndinazula chingwe cha VGA, chija cha mutu wa buluu, n'kuwaonetsa madam, aphunzitsi aja, m'kati mwake. Muli timapini 15, m'mizere itatu. Atatu oyambirira ndi amene amanyamula mitundu: woyamba wofiira, wachiwiri wobiriwira, wachitatu wa buluu. Wachiwiriyo anali atapindika, wagonera mnzake, ndipo m'tsinde mwake munali kadzimbiri kobiriwira. Mtundu wobiriwira ukasowa, zoyera zonse zimasanduka zofiirira choncho. Ndinamuwongola pang'onopang'ono ndi kapulayala kakang'ono, n'kutsuka ndi mswachi wakale woviika mu sipiriti, n'kudikira kuti ziume. Chinyontho cha kuno sichichitira chisoni zitsulo, makamaka m'chipinda choti mazenera ena alibe magalasi.

Madam anangogwira pakamwa. "Ndiye miyezi yonseyi inali nkhani ya chingwe?"

Ina inkangolemba kuti Out of Range n'kuda. Mwana wina anaikweza resolution, manambala a kukula kwa chithunzi, kupitirira mphamvu ya monita. Imeneyo ili ndi Windows 7, ndiye kunali kungodina F8 poyatsa, kusankha low-resolution video, n'kubwezera manambala m'malo mwake. Sinatidyere nthawi.

Yomwe inanditengera mpaka masana ndi yachitatu. Ikayaka imaonetsa timizere ndi timabokosi tamitundumitundu, zilembo zina zitadukaduka, kenako n'kuuma. Apa m'pamene aliyense amaloza chala GMA uja. Chinthu choyamba chomwe ndimachita ndi kudina F2 kuti ndilowe mu BIOS, pulogalamu yomwe imayamba kompyuta ikangoyaka, chifukwa mmenemo Windows ndi ma driver ake, mapulogalamu oyendetsa zipangizo, amakhala asanayambe kugwira ntchito. Timizere tikasowa mu BIOS, vuto lili ku mapulogalamu. Tikaoneka ngakhale mmenemo, ndiye kuti ndi zitsulo. Apa tinaoneka. Ndinasintha monita ndi chingwe, osasintha kanthu.

Chomwe ambiri sachidziwa n'choti chojambulira chamtunduwu chilibe memory yakeyake. Chimabwereka ku RAM, memory yomweyo yomwe makina onse akugwiritsa ntchito. Choncho RAM ikadetsedwa kapena ikayamba kutha, chithunzi ndicho chimayamba kuulula. Ndinatsegula bokosi, ndipo fumbi lomwe linali m'menemo linali litagwirana ndi chinyontho mpaka kusanduka ngati phala louma, pafupi ndi fani panali ulusi wa kangaude. Ndinazula timitengo tiwiri ta RAM tija n'kupempha labala kwa mtsikana wina wa Fomu 3 amene ankasuzumira pakhomo. Timano tagolide tija tinali titada bii. Nditatikwecha mofatsa ndi labala, tinayamba kunyezimira. Ndinabwezera kamodzi kokha, makina anayaka bwinobwino. Nditaika kachiwiri, timizere tinabwereranso. Memtest86+, pulogalamu yoyezera RAM yomwe ndimayenda nayo pa fulashi, sinachedwe n'komwe kufiiritsa sikirini ndi zolakwika. Kamtengo kameneko ndi kakufadi, koma kompyuta ili moyo, ikuyenda ndi kotsalako.

Madam anafunsa ngati sitingazule RAM mu ina n'kuika umu. Ndinawaonetsa kuti 760 imadya RAM ya mtundu wa DDR2 pomwe 780 imadya DDR3, ndipo kampata ka pakati pa timano kali pamalo osiyana. Ukakakamiza umathyola polowera pake, ndiye wawononga chinthu chomwe chinali chabwino.

Magetsi anazima titangodya nsima, ndipo tinakhala pakhonde kucheza ndi ahedi. Ine ndinawauza mosabisa kuti zimandiwawa kuona makina otere akuunjikidwa pakona, ana akuphunzira kompyuta pabolodi, mphunzitsi akujambula mouse ndi choko. Iwo anati vuto ndi loti akaitana munthu, amangoyang'ana n'kunena kuti gulani atsopano, ndipo ndalama yake sukulu ilibe. Sindinawatsutse. Windows 7 anasiya kuisamalira pa 14 January 2020, Windows 10 nayonso pa 14 October 2025, ndipo makinawa sangalandire Windows 11 mwa njira yake. Koma mwana woti akufuna kudziwa kutaipa, kusunga fayilo ndi kuwerengetsa mu Excel, pamalo popanda intaneti, Core 2 Duo ikumukwanira.

Atayaka magetsi ndinagwira ziwiri zomwe wina anaziikamo Windows 10. Zithunzi zake zinali zotambasuka m'mbali, bwalo likuoneka ngati dzira, chifukwa monita ndi ya 1440x900 koma makina anakakamira pa 1024x768. Mu Device Manager, momwe Windows imaonetsa zipangizo zonse, munalembedwa Microsoft Basic Display Adapter, kutanthauza kuti driver weniweni palibe. Intel sinatulutse driver wa Windows 10 wa GMA 4500, koma wa Windows 7 nthawi zambiri amalola ukamulowetsa pamanja kudzera pa batani la Have Disk. Imodzi inalola pomwepo. Inayo driver analowa koma 1440x900 osaoneka pa mndandanda. Apanso chinali chingwe. Monita imauza kompyuta kukula kwake kudzera pa pini 12 ndi 15, uthenga womwe amautcha EDID, ndipo chingwe chija pini 15 inali itathyoka kalekale. Nditabwereka cha makina ena, nambala ija inatulukira yokha.

Yomaliza inali monita yoti imayaka kamphindi n'kuda. Ndinaunika galasi ndi tochi ya pafoni nditayandikitsa kwambiri, ndipo madam anaona okha ma icon akuoneka mwachizimezime. Chithunzi chilipo, nyali zam'mbuyo ndizo zikuzima. Nditatsegula ndinapeza ma capacitor a pa bolodi ya magetsi, tizipangizo tosunga magetsi, atatupa pamwamba. Imeneyo ndabwera nayo kunyumba, ndikagula ena ku Limbe Loweruka ndidzawotcherere.

Tisanasiyane ndinawalembera madam kumbuyo kwa kope lawo kuti sikirini ikavuta ayambe asintha chingwe, kenako monita, kenako aone mu BIOS, ndipo asalole aliyense kunyamula makina asanachite zimenezi. Anati mawa m'mawa a Fomu 3 ndi amene ayambe kulowa, atatuatatu pa kompyuta imodzi. Ahedi alonjeza kuti mazenera aja atsekedwa ndi pulasitiki sabata ino.