Bandi yanga ya ku Mars iziimba ndi babatoni

Anthu akumandifunsa kuti nkhani ndikulembayi ikukamba zachani, nde ndati ndingofotokoza pano. Ndi nkhani yopeka ya achinyamata anayi akuno ku Zomba, awiri a ku Chinamwali, wina wa ku Matawale ndi mtsikana woimba ng'oma wa ku Domasi, omwe apita kukagwira ntchito m'migodi ku Mars zaka zambiri kutsogoloku nkuyambitsako bandi ya rock. Bandiyo ndaitcha Dzenje la Chingwe, kutengera dzenje lija lili pamwamba pa phiri lathuli.

Chomwe chandigwira mtima ndi mmene mawu amamvekera kumeneko, ndipo izi sizopeka ayi. Kagalimoto ka NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, kotchedwa Perseverance kanatera ku Mars mu February 2021 kali ndi maikolofoni, akatswiri nkupeza kuti phokoso kumeneko limayenda mamita pafupifupi 240 pa sekondi pomwe kuno ndi 340. Mpweya ndi wochepa zedi, sufika olo 1 peresenti ya wathuwu, komanso pafupifupi wonse ndi carbon dioxide, nde mawu okwera aja amazimirira msanga, omwe amafikako patali ndi a besi basi.

Tangoganizani abale, mnyamata waikira mtima wonse pa solo ya gitala, zala zikuchita kuwawa, koma munthu waima chapatali pang'ono sakumva kalikonse. M'nyumba zawo zotsekedwa muli mpweya wabwinobwino, angathe kuimbamo, koma anawa akufuna shoo ya panja pafumbi lofiira lija anthu atavala masuti awo, ndipo apa mpamene babatoni ikulowera. Mukuidziwa, chibokosi chokuta ndi chikopa, mtengo wautali, waya mmodzi, kulira kwake kumagunda mchifuwa. Ku Mars kulibe ng'ombe nde iwo akuta bokosilo ndi chidutswa cha suti yakutha, waya achotsa pa makina owonongeka amumgodi.

Ine ndimakhulupirira ndithu kuti oimba oyamba kuchita bwino kumeneko adzakhala anthu ngati athu. Katundu kuchoka kuno amatenga miyezi pafupifupi 7 kuti afike, waya ukaduka sungathamangire kushopu, ndipo mwana yemwe anakula akukhoma gitala ya chigubu ndi waya wa mabuleki a njinga sakhala pansi kudikira.

Wina anandiuza kuti bandi ya ku Zomba ku Mars nzosamveka. Koma si akaidi a kundende ya konkuno omwe chimbale chawo chinapikisana nawo pa Grammy, mphoto zikuluzikulu za nyimbo za ku America, mu 2016?

Gawo lomwe likundiliza ndikamalemba ndi la mayi ake a mtsikana uja. Uthenga wochoka ku Mars umatenga mphindi zoyambira 3 mpaka kupitirira 20 kuti ufike kuno, nde iwo ali ku Domasi foni ili kukhutu akumvera nyimbo yoyamba, pomwe mwana wawo wafika kale pa yachinayi ndipo sangamve nthungululu zawo mpaka shoo itatsala pang'ono kutha.